Kufunsa Mlandu Popanda Mkwapulo: Kuunika Mfundo za Méndez Tili pa Malire a Mchinji

Mau oyamba

M'mwezi wa Meyi chaka cha 2021 kudatuluka kabuku kamene akatswiri a malamulo, apolisi ndi ofufuza za maganizo a munthu, ochokera m'maiko osiyanasiyana, adalemba pamodzi kwa zaka zingapo. Kabukuka kamafotokoza m'mene wapolisi, kapena wina aliyense wofufuza mlandu, ayenera kufunsira woganiziridwa, mboni, ndiponso munthu wolakwiridwa. Anthu amakatchula kuti Mfundo za Méndez, potsata dzina la Juan Méndez, loya wa ku Argentina amene iye mwini adagwidwa ndi kuzunzidwa kwao mu 1975, ndipo pambuyo pake adakhala nthumwi yapadera ya bungwe la United Nations pa nkhani ya kuzunza anthu kuyambira 2010 mpaka 2016. Ndiye amene adapempha maiko mu 2016 kuti pakhale malangizo amodzi a kafunsidwe ka milandu kopanda nkhanza.

Cholinga chathu m'nkhani ino ndicho kuunika kabukuka, kuona pamene kalasa ndi pamene kapereŵera. Tikayesa pa miyeso itatu: Malembo Oyera pamodzi ndi chiphunzitso cha Eklezia, malamulo a Malaŵi, ndiponso moyo wa pa malire a Mchinji, pamene seminale ya Kachebere yakhala ikuphunzitsa ofuna unsembe kuyambira 1939. Wansembe wa m'dera lino sangathe kunena kuti nkhaniyi nja apolisi okha, pakuti amene ali m'chitokosi ndi mkristu wake, ndipo kaŵirikaŵiri amene akufunsayo nayenso ndi mkristu wake.

1. Zimene kabukuka kakunena

Phata la kabukuka ndi ili: wofunsa mlandu asaloŵe m'chipinda ndi cholinga chakuti munthu abvomere, koma ndi cholinga chakuti adziŵe zimene zidachitikadi. Kusiyana kwa ziŵirizi nkwakukulu. Wofuna kubvomereza wagamula kale mlandu mumtima mwake, ndipo chotsala nchakuti woganiziridwayo asaine. Wofuna kudziŵa amasunga malo m'maganizo mwake akuti mwina munthu ali patsogolo pakeyo ngosalakwa, ndiponso kuti mbala yeniyeni ikadali kunja.

Kuchokera pa phata limeneli kabukuka kamalongosola ntchito yake mwatsatanetsatane. Wofunsa ayambe wakonzekera, atasonkhanitsa umboni wina uliwonse umene angaupeze. Amuuze munthuyo chifukwa chimene wamuitanira, ndi ufulu umene ali nao: kukhala chete, kukhala ndi loya, kudziŵitsa abale ake kumene ali, kuonedwa ndi dokotala, ndi kupatsidwa womasulira ngati samva chilankhulo. Kenaka amlole kufotokoza nkhani yonse m'mau ake, osamdula pakati. Mafunso akhale otseguka, monga lakuti “fotokozani zimene mudaona”, osati funso lonyamula kale yankho lake. Ngati pali umboni wotsutsana ndi zimene wanena, auonetse panthaŵi yake, modekha, nampatse mpata woyankha. Zonse zijambulidwe, mau ngakhalenso zithunzi ngati nkotheka. Kumenya, kuopseza, kumana tulo kapena chakudya, kulonjeza zabodza, ndi kunamiza munthu kuti pali umboni pamene palibe, zonsezi kabukuka kamazikana.

Olembawo sadatole mfundozi m'mutu mwao. Ku England, anthu anayi amene adamangidwa pa mlandu wa mabomba a ku Guildford adamasulidwa mu 1989, ndipo asanu ndi mmodzi a mlandu wa ku Birmingham adamasulidwa mu 1991, atakhala zaka zambiri m'ndende chifukwa cha mau obvomera amene adatengedwa mokakamiza. Dzikolo lidakhazikitsa lamulo mu 1984 limene lidatsegula njira yojambula mau a oganiziridwa, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 apolisi ake adayamba kuphunzira kafunsidwe katsopano kotchedwa PEACE. Ku America, mwa anthu 375 amene adapezeka osalakwa kupyolera m'kuyeza kwa DNA pakati pa 1989 ndi 2020, oposa mmodzi mwa anayi alionse adali pa milandu imene mudali kubvomera kwabodza. Ndipo mu 1974 Elizabeth Loftus ndi John Palmer adaonetsa kuti kungosintha liu limodzi m'funso lokhudza ngozi ya galimoto kudachititsa mboni zina kukumbukira magalasi osweka amene kunalibe. Tsono bvuto silili pa chibonga chokha ai. Ngakhale funso lokhota lingathe kuipitsa umboni wa mboni yoona mtima.

Pa mbali imeneyi kabukuka tikayamike. Makolo athu adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo zimene ofufuza apeza zikugwirizana ndi mwambiwo.

2. Muyeso wa Malembo ndi wa Eklezia

Woŵerenga Malembo sadzadabwa ndi mfundozi. M'buku la Danieli, mutu 13, Suzana adali atagamulidwa kale kuti aphedwe pa umboni wa akuluakulu aŵiri olemekezeka. Danieli sadamenye munthu. Adangopatula mboni ziŵirizo, nafunsa aliyense payekha funso limodzi lomwelo, lakuti zidachitikira patsinde pa mtengo wanji, ndipo mayankho ao adasiyana. Umenewu ndiwo ufunsi wopanda nkhanza, ndipo udapulumutsa wosalakwa ndi kugwira olakwa nthaŵi imodzi. Buku la Deuteronomo, mutu 19, limakana kutsutsa munthu pa mboni imodzi yokha, ndipo limalamula oŵeruza kufufuza mosamala. Pa Yoane 7 Nikodemo adakumbutsa anzake kuti chilamulo sichiŵeruza munthu chisanamumve. Pa Yoane 18, Ambuye athu ali pamaso pa Anasi adaloza wofunsayo kwa mboni zimene zidamva chiphunzitso chao, ndipo mlonda ataŵapanda khofi adamfunsa chifukwa chake. Pa Ntchito za Apostoli 22 mkulu wa asilikali adalamula kuti Paulo afunsidwe ndi mkwapulo, ndipo chimene chidampulumutsa ndi ufulu wake wa mbadwa ya Roma. Tizindikire kuti amene analibe ufulu umenewo akadakwapulidwa ndithu.

Mbiri ya Eklezia pa nkhaniyi ili ndi kuŵala ndi mdima womwe. Augustino Woyera, m'buku 19 la Mzinda wa Mulungu, adadandaula za tsoka la woŵeruza amene amazunza munthu kuti adziŵe ngati ngolakwa, nkupezeka kuti wosalakwa walangidwa kale mlandu usanadziŵike. Mu 866 Papa Nikolasi I, polembera anthu a ku Bulgaria, adakana mchitidwe wokwapula woganiziridwa, ponena kuti kubvomera kuyenera kuchokera mwaufulu. Komabe mu 1252 Papa Inosenti IV, m'kalata yotchedwa Ad extirpanda, adalola kuzunza pofufuza milandu ya mpatuko. Mu 1631 wansembe wa chipani cha Ayezuiti, Friedrich Spee, adatulutsa buku lotchedwa Cautio Criminalis, lotsutsa milandu ya ufiti ku Germany, m'mene adaonetsa kuti wozunzidwa amabvomera chilichonse natchulanso maina a ena osalakwa, ndipo iwonso akazunzidwa amatchula ena, mpaka mudzi kutha. Msonkhano waukulu wachiŵiri wa ku Vatican, mu Gaudium et Spes ndime 27, udaika kuzunza thupi ndi maganizo m'gulu la zonyazitsa zimene zimaipitsa wochitayo koposa wochitiridwa. Papa Yoane Paulo II, mu Veritatis Splendor ya 1993, adakuŵerengera pakati pa ntchito zoipa mwa izo zokha, zimene palibe cholinga chingaziyeretse. Katekisimu wa Eklezia Katolika, ndime 2297 ndi 2298, amatsutsa kuzunza pofuna kubvomereza, ndipo amanena poyera kuti m'nthaŵi zakale abusa a Eklezia sadatsutse nkhanza zotere monga kudayenera.

Tingathe kunena tsono kuti pa muyeso woyambawu kabukuka kakwana. Zimene kakupempha kwa wapolisi ndi zomwe chiphunzitso cha Eklezia chimafuna.

3. Mlandu umene udayambira pa malire ano

Dera lino lili ndi chitsanzo chake. Pa 24 Disembala 1981 Orton Chirwa, mkazi wake Vera, ndi mwana wao adagwa m'manja mwa achitetezo a Malaŵi m'dera la malire a Mchinji ndi Chipata. Orton Chirwa adali mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party mu 1959 ndiponso nduna ya zachilungamo, ndipo adathaŵa m'dziko pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964. Boma lidati adagwidwa ataloŵa m'Malaŵi. Iwo adati adabedwa ku Zambia. Funso limeneli lidali lofunika, chifukwa pa ilo padatsamira nkhani yakuti kodi bwalo lidali ndi mphamvu yoŵazenga kapena ai.

Adazengedwa mlandu woukira boma m'bwalo la mafumu la Chigawo cha Kummwera, mmodzi mwa mabwalo amene adapatsidwa mphamvu yozenga milandu ya imfa pambuyo pa kusintha kwa malamulo kwa 1969, m'nthaŵi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe. Sadaloledwe kukhala ndi loya, ngakhale kuitanitsa mboni zao zochokera kunja kwa dziko. Pakati pa umboni umene bwalo lidalandira padali chikalata chosasainidwa chimene adati ndi mau a Orton Chirwa, iye nachikana, ndiponso zolembedwa zimene adati zidachokera pa tepi. Adagamulidwa kuti aphedwe mu Meyi 1983. Bwalo la apilo la mafumu lidatsimikiza chigamulocho mu Febuluwale 1984, ngakhale lidaona zolakwika m'kazengedwe kake, ndipo mu Juni chaka chomwecho chilango chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton Chirwa adamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Vera Chirwa adatulutsidwa mu Januwale 1993, ndipo pambuyo pake adakhala mmodzi mwa makomishonala a bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu, woyang'anira za ndende.

Tikaika mlandu umenewu pambali pa kabukuka tikuona pafupifupi mfundo iliyonse itathyoledwa. Panalibe kaundula wodalirika wa malo ndi nthaŵi ya kugwidwa, panalibe loya, ndipo mau amene mwini wake adakana adasanduka umboni. Aŵiriŵa adali odziŵa malamulo kuposa ambiri m'dziko muno. Nanga mlimi wa ku Mkanda kapena kwa Mlonyeni, wosadziŵa kuŵerenga, akadatani? Maepiskopi athu adakhudza za chilungamo cha m'mabwalo ndi za omangidwa popanda mlandu m'kalata yao ya Lenti imene idaŵerengedwa pa 8 Malichi 1992, ndipo patangopita masiku aŵiri iwonso adaitanidwa ndi apolisi ku Blantyre nafunsidwa kwa maora ambiri. Eklezia wa m'Malaŵi amaudziŵa mpando wa wofunsidwa chifukwa adaukhalapo.

4. Malamulo atsopano, ndime yakale

Malamulo oyendetsera dziko a 1994 adasintha zambiri. Ndime 19 imaletsa kuzunza munthu mwa njira iliyonse. Ndime 42 imapatsa womangidwa ufulu wokhala chete, wouzidwa za ufuluwo, wokaonekera ku bwalo pasanathe maora 48, ndiponso wosakakamizidwa kubvomera mlandu. Mu 1996 Malaŵi adaloŵa m'pangano la maiko la 1984 loletsa kuzunza, limene ndime 15 yake imati mau otengedwa mwa kuzunza asalandiridwe ngati umboni.

Koma m'buku la malamulo a kazengedwe ka milandu, limene lidakhazikitsidwa mu 1967, mudalembedwa ndime 176. Ndimeyi imati mau obvomera mlandu alandiridwe ndi bwalo ngakhale woimbidwa mlanduyo atanena kuti sadaŵanene mwaufulu. Bwalo lingaŵagwiritse ntchito likakhutira kotheratu kuti adanenadi ndiye, ndi kuti zimene zili m'menemo nzoona. Ndiye kuti funso la bwalo silikhala lakuti mauwo adatengedwa bwanji, koma lakuti kodi ngoona. Oŵeruza a m'dziko muno akhala akusiyana maganizo pa kugwirizana kwa ndimeyi ndi malamulo a 1994, ndipo mu 2022 komiti ya United Nations yolimbana ndi kuzunza idadandaula nayo poona lipoti la Malaŵi. Tsidya lija la malire, ku Chipata, mwambo wa mabwalo ngwina: woimbidwa mlandu akati adakakamizidwa, woŵeruza amayamba waimitsa mlandu waukulu nazenga kamlandu kakang'ono kofufuza ngati mauwo adanenedwa mwaufulu, ndipo akapeza kuti sadatero amaŵataya. Sitikunena kuti ku Zambia kulibe nkhanza m'zitokosi. Tikungoona kuti abale aŵiri a mtundu umodzi, olankhula chilankhulo chimodzi, ogwidwa pa mlandu umodzi wa ng'ombe, angathe kupeza malamulo osiyana chifukwa cha mbali ya msewu imene adagwidwira.

Lamulo limaphunzitsa. Ngati wapolisi adziŵa kuti mau otengedwa ndi chibonga adzafika ndithu pamaso pa woŵeruza, chibonga chimakhala ndi phindu. Zotsatira zake tidaziona mu Febuluwale 2019, pamene Buleya Lule, woganiziridwa pa mlandu wa kubedwa kwa mnyamata wachialubino wa ku Dedza, adamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Bungwe la boma loona za ufulu wa anthu lidapeza kuti adazunzidwa, ndipo pambuyo pake Bwalo Lalikulu lidapeza ena mwa apolisiwo olakwa pa imfa yake. Tiganizire mbali ina ya tsokali: ngati munthuyo adali ndi zimene ankadziŵa za mnyamata uja, adapita nazo kumanda. Nkhanza idapha woganiziridwa, idamangitsa apolisi, ndipo idamana banja la mwanayo choonadi.

Apa ndipo tikuona kupereŵera koyamba kwa kabukuka. Ndi malangizo chabe, si pangano lomanga maiko. Kamalankhula bwino kwa wapolisi wofuna kusintha, koma sikangathe kuchotsa ndime ya lamulo. Ntchito imeneyo nja Nyumba ya Malamulo ndi mabwalo athu.

5. Pamene kabukuka kapereŵera

Chachiŵiri chimene tikufuna kutsutsa nchokhudza maziko. Kabukuka kamatsamira kwambiri pa mfundo yakuti nkhanza sizithandiza, chifukwa zimabala mau abodza. Nzoona, ndipo olembawo adachita mwanzeru kulankhula kwa apolisi m'chilankhulo cha zotsatira. Sadaiŵalenso kutchula malamulo ndi ulemu wa munthu. Koma wophunzira zaumulungu ayenera kuona ngozi imene ili pamenepa. Wapolisi aliyense wokhalitsa pa ntchito angathe kukumbukira tsiku limene adamenya munthu katundu wobedwa napezekadi. Ngati chifukwa chathu chachikulu nchakuti nkhanza sizithandiza, tsiku lotere limagwetsa chiphunzitso chonse. Eklezia amaima pena: ngakhale nkhanza zitathandiza, nzoipa, chifukwa womangidwayo adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo mlandu wake, ngakhale utakhala woona, suchotsa chifanizirocho. Kubvomera ndi ntchito ya chikumbumtima, ndipo chikumbumtima sichithyoledwa ngati chitseko. Ife ansembe tikuyenera kuzimvetsa msanga zimenezi, popeza m'sakramenti la kulapa kuulula kokakamizidwa kulibe mtengo.

Chachitatu nchakuti kabukuka kamaganizira polisi yokhala ndi chipinda chofunsiramo, makina ojambulira, galimoto yopita kumalo a mlandu, ndi loya wopezeka msanga. Pa malire a Mwami ndi Mchinji padatsegulidwa nyumba zatsopano za chipata mu Disembala 2022, koma milandu yambiri ya m'dera lino siichitikira pa chipata. Imachitikira m'njira zamtchire, m'mene mumadutsa njinga za matumba a chimanga ndi feteleza, ng'ombe zobedwa, ana otengedwa kukagwira ntchito m'maesiteti a fodya, ndi alendo ochokera kutali ofuna kupitirira kummwera. Wapolisi wa ku kapolisi kakang'ono, wopanda mafuta a galimoto, amene mboni zake zili tsidya lina la malire kumene alibe mphamvu, amayesedwa kuti atenge njira yachidule, ndiyo thupi la woganiziridwa. Sitikumkhululukira potero, koma tikunena kuti maphunziro okha sakwanira. Komabe tisakokomeze umphaŵi. Kulemba m'kaundula ora limene munthu wafika, kumuuza ufulu wake m'Chicheŵa, kuuza mbale wake, kumŵerengera zimene zalembedwa asanadinde chala, ndi kujambula mau pa foni ya m'manja, zonsezi sizifuna chuma chambiri.

Chachinayi, ndipo kwa ife nchachikulu, kabukuka sikafika mokwanira pamene kufunsa kumayambira kwenikweni m'midzi mwathu. Woganiziridwa kuba asanafike ku polisi amakhala atafunsidwa kale ndi gulu la anthu okwiya, kapena ndi achitetezo a m'mudzi, nthaŵi zina atamangidwa zingwe. Amafika ku polisi atabvomera kale, atatchulanso anzake, paja khoswe wa padenga adaulula wa padzala. Ndipo gulu lomwelo limaima kunja kwa polisi kudikira, lokonzeka kunena kuti apolisi adya ziphuphu ngati munthuyo atulutsidwa. Wapolisi wofunsa modekha amaoneka wofooka pamaso pa mudzi. Chimene chikufunika kutembenuka tsono si polisi yokha, komanso mtima wa anthu amene amafuna wolakwa lero lomwe.

Chikhalidwe chathu chili ndi zonse ziŵiri, chiphe ndi mankhwala ake. Chiphe ndi maganizo a mwabvi, umene udaletsedwa ndi lamulo la 1911: kuyesa thupi la munthu kuti choonadi chituluke. Kufunsa ndi chibonga ndi mwabvi wobvala yunifolomu, pakuti sikuyesa kulakwa kapena kusalakwa, koma kulimba kwa thupi. Mbala yolimba imapulumuka, wosalakwa wofooka nabvomera. Mankhwala ake ndi bwalo la kwa mfumu pamene likuyenda bwino. Kumeneko munthu saima yekha, amakhala ndi nkhoswe kapena mwini mbumba wake; aliyense amafotokoza nkhani yake kuyambira pachiyambi popanda kudulidwa; nduna zimabwereza zimene zamva kuti mwini mau atsimikize; ndipo akulu sachita manyazi kuimitsa nkhani mpaka tsiku lina, chifukwa mlandu suola. Amene adzaphunzitse mfundo za Méndez m'Malaŵi adzachita bwino kuyambira pamenepa, kuti anthu asaziyese zachilendo.

Pomaliza pa mbali imeneyi titchule za ofooka. Kabukuka kali ndi mutu wonse wonena za iwo, ndipo tikuuyamika, koma pa malire mutuwo umalemera koposa. Mwana wopezeka pa njira yamtchire angathe kukhala mboni, wolakwiridwa, ndi woganiziridwa nthaŵi imodzi. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, ndi lamulo la 2015 lolimbana ndi kuzembetsa anthu, amafuna kuti otereŵa atetezedwe. Koma mwana wofunsidwa mokalipa amangobvomera chimene wamkulu akufuna, ndipo mlendo wochokera ku Ethiopia wopanda womasulira amadinda chala pa pepala limene sakulimva. M'milandu yotere wozembetsa weniweni ndiye amapindula ndi kafunsidwe koipa, chifukwa mboni zokhazo zimene zikadamloza zatsekedwa pakamwa ndi mantha.

6. Mbali ya wansembe

Nanga ife titani? Poyamba, tiyeretse mabwalo athu. M'maparishi ndi m'miphakati mumazengedwa nkhani za maukwati, za ndalama za mpingo, za mimba, ngakhale za kunenezana ufiti. M'maseminale ndi m'masukulu athu mumafunsidwa ophunzira. Malamulo a Eklezia a 1983, pa kanoni 1728, amati woimbidwa mlandu sakakamizidwa kubvomera ndipo salumbiritsidwa, ndipo kanoni 1717 imachenjeza kuti kufufuza kusaononge mbiri yabwino ya munthu. Wansembe amene amaopseza mkristu kuti abvomere pamaso pa gulu alibe mau okauza mkulu wa polisi. Makamaka pomva dandaulo la mwana wochitiridwa zoipa, luso la kumvetsera popanda kutsogolera yankho ndi lofunika kwa wansembe aliyense, ndipo nkhani yotere iyenera kufika kwa oyenera mwamsanga. Tikupempha kuti luso limeneli liphunzitsidwe m'maseminale pamodzi ndi maphunziro a ubusa.

Kachiŵiri, tiyendere zitokosi. Lamulo la apolisi la 2010 lidakhazikitsa dongosolo lakuti anthu wamba aziyendera malo osungira oganiziridwa, ndiponso bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi. Nkhanza zimakonda maora oyamba ndi malo opanda maso. Wansembe, sisiteri, kapena membala wa komiti ya Chilungamo ndi Mtendere wa ku Guilleme, ku Ludzi, ku Kapiri kapena ku Kachebere akamafika kaŵirikaŵiri pa polisi, mwaulemu ndi mwa chilolezo, nafunsa maina a osungidwa ndi tsiku limene adafika, wachita kale ntchito yaikulu.

Kachitatu, tikhale abusa a apolisi. Ambiri mwa iwo ndi anthu ofuna kuchita bwino, ogwira ntchito yoopsa ndi zipangizo zochepa, opanikizidwa ndi akuluakulu ao ndiponso ndi mudzi. Amene adamenyapo munthu amasenza katundu mumtima, ndipo ayenera kupeza kwa ife choonadi chosabisa pamodzi ndi khomo la kulapa. Amene akukana kumenya ayenera kumva kuchokera pa guwa kuti mpingo uli naye.

Kachinayi, tilalikire kwa gulu. Nkhani ya Suzana imaŵerengedwa pa Misa Lolemba la sabata lachisanu la Lenti, ndipo masautso a Ambuye monga adalembera Yoane timaŵamva Lachisanu Loyera chaka ndi chaka. Mpata wophunzitsa ulipo. Akristu amve kuti womenya woganiziridwa pa msika sali kumbali ya Danieli koma ya mlonda wa Anasi, ndipo akumbukire kuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Mau omaliza

Chiŵeruzo chathu pa kabukuka ndi ichi. Nkabwino, nkoyenera kumasuliridwa m'Chicheŵa ndi kuphunzitsidwa kwa apolisi, kwa mafumu, kwa achitetezo a m'midzi, ndi kwa ife tomwe. Kamaonetsa ndi umboni kuti chilungamo kwa woganiziridwa ndi chilungamo kwa wolakwiridwa sizilimbana, pakuti womangidwa molakwika amasiya wolakwa weniweni ali mfulu. Koma pakokha sikakwanira. Kamafuna lamulo lokana poyera mau otengedwa mwa nkhanza, kamafuna mudzi wodziŵa kudikira, ndipo kamafuna maziko ozama kuposa phindu, ndiwo ulemu umene Mulungu adapatsa munthu aliyense. Zoyamba ziŵirizo tingathandize kuzipempha ndi kuziphunzitsa. Chachitatucho ndicho udindo umene tidalandira pa tsiku la kudzozedwa kwathu, ndipo Woŵeruza amene adzatifunse za iwo adakhalapo womangidwa, wofunsidwa usiku, wopanda womuimira.